Kalaputopu kokwera kabaza

Munthu akafuna kugula laputopu, funso loyamba limakhala lakuti ili ndi mphamvu zochuluka bwanji. Langa ndi lina: kodi ikafika kumene kuli eni ntchito? Ndine mlembi wa gulu la alimi a mbatata ya kachewere kuno ku Dedza, cha ku Bembeke, ndipo ndimathandizanso magulu angapo a banki mkhonde kusunga mabuku awo. Ofesi tili nayo, kachipinda kamodzi pa Boma, koma ntchito yeniyeni sichitikira m'menemo. Imachitikira pansi pa mtengo, m'kalasi ana akaweruka, pakhonde la tchalitchi, kapena m'mbali mwa munda pamene tapachika sikelo. Konseko kalaputopu kanga kakang'ono kamafika, ndipo n'chifukwa chake ndimakakonda kwambiri.

Ndikafotokoze kaye. Sikirini yake ndi ya mainchesi 11.6, kulemera kwake n'kongopitirira pang'ono kilogalamu imodzi, RAM (malo amene kompyuta imagwiriramo ntchito ikayaka) ndi 4GB, malo osungira zinthu ndi 64GB. Purosesa yake, ubongo wa makinawo, ndi Celeron, imene anyamata okonza makompyuta m'tauni amaipukusira mutu. Ndinakagula kakaunjika ku Lilongwe, kokandika pang'ono pachivindikiro. Pali zinthu ziwiri zimene kalibe, ndipo kusowa kwa zinthu zimenezi ndi kumene kwakasunga mpaka lero. Kalibe fani. Laputopu ya fani imakoka mpweya kuti izizire, ndipo mu Seputembala ndi Okutobala mpweya wa m'misewu yathu ndi fumbi lokhalokha. Fumbilo limaunjikana m'kati mpaka makina kuyamba kutentha n'kumazima okha. Kanga sikakoka kanthu. Kalibenso hadi disiki ija yozungulira. Hadi disiki yakale imakhala ndi kambale kozungulira mwaliwiro ndi kasingano koyandama pamwamba pake, ndiye ikagwedezeka kwambiri, makamaka ili yoyaka, imatha kufa n'kupita ndi zonse munasungamo. M'kanga zinthu zimasungidwa pa tchipi, mulibe choyenda chilichonse, choncho mabampu a pa kabaza sakachita kanthu.

Timakompyuta totere sitinayambe lero. Mu 2007 kampani ya Asus ya ku Taiwan inatulutsa Eee PC, ya sikirini ya mainchesi 7, yosafika n'komwe kilogalamu imodzi, yoyendera Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows. Acer, HP, Samsung ndi ena anatsatira, ndipo kwa zaka zingapo timakina timeneti, totchedwa ma netbook, tinayenda malonda padziko lonse. Kutabwera iPad mu 2010 ndi mafoni a masikirini akuluakulu, anthu a m'mayiko olemera anatitaya, ndipo pofika kumapeto kwa 2012 Asus inali itasiya kupanga Eee PC. Koma masukulu a kunja anapitiriza kufuna timalaputopu totsika mtengo ta ana, monga ma Chromebook, oyendera pulogalamu ya Google, amene anayamba mu 2011. Tina mwa timene timafika kwathu kuno ndi tochokera m'masukulu amenewo. Tinapangidwira ana ogwetsa zinthu, ndiye timakhala ndi labala m'mbali ndi mahinji olimba. Zimene anakonzera mwana wa ku America zikupindulira mlembi wa ku Bembeke.

Mayendedwe a kuno ndiwo amaweruza laputopu. Kuchokera pa Dedza kukafika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 85 pamsewu wa M1, ndipo mu minibasi mukakhala anayianayi pampando, chikwama chimakhala pamiyendo, pamwamba pake n'kudzasanjikanso dengu la mnzanu. Laputopu ya mainchesi 15.6 imalemera makilogalamu awiri kapena kuposa, kuphatikizanso tchaja yake, ndipo chikwama chake chimadziulula chokha padepoti kuti muno muli katundu wa ndalama. Kanga kamalowa m'chikwama wamba cha ana a sukulu. Ndimakakulunga m'chitenje, n'kukaika pakati pa mahadikava awiri kuti sikirini isapanikizike, ndipo nyengo ya mvula ndimayamba ndakalowetsa m'jumbo. Ndikatsika pamphambano ya ku Bembeke n'kukwera kabaza, ndimabereka chikwamacho kumsana n'kuiwala kuti muli kompyuta.

Nyengo nayonso ili ndi zake. Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo mu Juni ndi Julayi chifunga chimakhala chakuti n'kunyowetsa jekete mvula isanagwe. Kalaputopu kakazizidwa panjira ndiye n'kulowa nako m'nyumba yofunda, ndimakasiya kaye kanthawi ndisanakayatse, kuti chinyontho chimene chagwira m'kati chiume. Tsiku lotsetsereka pa Khwekhwelere kupita ku Golomoti kapena ku Mtakataka vuto limatembenuka: kumusiko n'kotentha, ndipo mdani wamkulu wa batire ndi dzuwa. Chikwama sichikhala pamtetete.

Komabe kupepuka si nkhani yaikulu. Nkhani yaikulu ndi kukhulupirirana.

Njira ya banki mkhonde imene tikuidziwayi anaiyambitsa ndi a bungwe la CARE ku Niger mu 1991, ndipo mtima wake ndi umodzi: chilichonse chokhudza ndalama chichitikire pamaso pa onse. N'chifukwa chake bokosi limakhala ndi maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana, bokosilo n'kumagona kwa munthu wachinayi. Ndalama zimawerengedwa mokweza. Sheya iliyonse imadindidwa m'kabuku ka mwini wake anzake akuona. Zonse zimayenda bwino chaka chonse, mpaka tsiku logawana. Pamenepo masamu amakula. Muphatikize ndalama zonse za m'bokosi ndi chiwongoladzanja chomwe, mugawe ndi chiwerengero cha masheya onse kuti mupeze mtengo wa sheya imodzi, muchulukitse ndi masheya a munthu aliyense, kenako muchotse ngongole imene wina sanamalize. Kale magulu ankandipatsa mabuku kuti ndikawerengetsere pa kompyuta yaikulu ya ku ofesi, ine n'kubwera sabata yotsatira ndi pepala lopulinta. Palibe anandinenapo zoipa. Koma nkhope ndinkaziona. Masamu aja achitikira kutali, m'chipinda chimene mamembala ambiri sanalowemo, ndipo pepala lopulinta anthu amaliopa. Munthu amalandira ndalama yake n'kukadandaulira kunyumba. Gulu limene lasunga lamulo la pamaso pa onse kwa miyezi 12 linkaliswa lokha pa tsiku lofunika kuposa onse, chifukwa choti kompyuta sinkatha kunyamuka.

Tsopano masamuwo amachitikira pabwalo. Disembala wapitayu, pa gulu lina la amayi, tinakhazika kalaputopu pa ndowa yovundikira pansi pa mtengo wa mango, sikirini itayang'ana kwa mamembala, zilembo nditazikulitsa. Amsungichuma ankawerenga m'buku la gulu, ine n'kumalowetsa, dzina ndi dzina. Titafika pa agogo ena amene sawerenga kwenikweni koma masitampu awo amawadziwa ngati ana awo, anakweza dzanja.

"Alembi, taimani kaye pamenepo. Mu Ogasiti ndinagula masheya asanu kawiri konse, mwana atanditumizira ya ku Joni. Amenewo mwawaika?"

Tsamba la Ogasiti m'buku la gulu linali litanyowapo, inki n'kubalalika, ndipo nambala imodzi sinkaoneka kuti ndi 3 kapena 5. Amayi apampando anatenga kabuku ka agogowo n'kukakweza m'mwamba, gulu lonse n'kuwerenga masitampu mokweza. Anali asanu. Nditasintha nambalayo, ndalama ya agogo inakwera, ndipo nthawi yomweyo ya wina aliyense inatsika pang'ono, poti masheya ogawana ndalama ija achuluka. Mzere wonse unasintha anthu akuona.

"Mwaona nonse?" anafunsa apampando.

"Taona, amayi."

Chikanakhala kuti kutsika kumeneku anakuona papepala lochokera ku Boma, pakanabuka mlandu wofika kwa amfumu. Apa aliyense anaona chimene chachititsa, ndipo nkhani inathera pomwepo. Akulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wamphepo. Kompyuta ya ku ofesi ija inali yamphamvu kuposa kanga kangapo konse, koma tsiku limenelo sikanatithandiza chilichonse.

Ndinene mosabisa kuti buku la gulu ndi timabuku ta masitampu ndiwo umboni, ndipo ndimakaniza gulu lililonse lofuna kuwasiya poti kwabwera kompyuta. Batire imatha, makina amabedwa, koma kabuku ka sitampu kali m'manja mwa mwini ndalama. Kalaputopu ndi kowerengetsera ndi kosungira kope yachiwiri basi.

Kumunda nakonso kali ndi ntchito. Aliyense wodutsa pa M1 amaziona ndowa za kachewere zoumbidwa mpaka pamwamba, pa Bembeke, pa Lizulu, pamphambano ya ku Tsangano. Wodutsa amaona chuma. Mlimi naye amakumbukira bwino ndalama imene venda anamupatsa m'manja, koma zimene zinatuluka pang'onopang'ono zimaiwalika: mbewu, feteleza wokulitsa ndi wobereketsa, mankhwala opopera chiwawu mvula ikamagwa mowirikiza, aganyu opalira ndi okumba, matumba, ngolo yokafikitsa kumsewu. Ndinakonza tebulo losavuta limene timalowetsamo zonsezi, pansi pake n'kutuluka mtengo umene thumba limodzi lamudyera mlimiyo. Ndimakhala naye pamzere m'munda mwake momwemo, mkazi wake ali pomwepo, chifukwa za ganyu ndi za mankhwala nthawi zambiri amakumbukira ndi amayi. Bambo wina wa cha ku Kanyama titamaliza kulowetsa zake anayang'ana nambala ya pansiyo nthawi yaitali.

"Achimwene, ndiye kuti chaka chathachi ndinalimira venda?"

Sindinamuyankhe, poti nambala inali itayankha kale. Chimene anachoka nacho ndi mtengo umene sangatsikenso pansi pake, ndipo alimi khumi akadziwa mtengo umenewu n'kugwirizana, venda amalankhula nawo mwaulemu. Ntchito imeneyi singatheke pa Boma. Mlimi sangasiye munda n'kulipira kabaza kuti akauze mlembi kuti anagula mabotolo angati a mankhwala.

Za magetsi tonse tikuzidziwa. Magetsi ambiri a dziko lino amachokera pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo namondwe Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, mamegawati pafupifupi 130 anachoka kwa nthawi yoposa chaka. Chaka chomwecho kwathu konkuno, ku Golomoti, anatsegula malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 20 okhala ndi mabatire ake. Koma midzi yambiri imene ndimayendamo mawaya sanafikemo n'komwe. Apa ndi pamene kuchepa mphamvu kwa purosesa kumasanduka dalitso. Ndikamalemba sikirini nditaichepetsa kuwala, kalaputopu kamadya mawati osapitirira 10, pamene kompyuta ya patebulo ndi sikirini yake imadya kuchulukitsa kangapo ndipo magetsi akangozima nayo yazima. Batire yanga imatha kupirira msonkhano wam'mawa ndi wamasana. Popeza kamatchajira pa USB-C, pawabanki yamphamvu, ya mtundu wolembedwa PD, imakadzutsanso. Pawabanki wamba ya foni singathe, ndiye pogula muziyang'ana zilembo ziwirizo. Kumudzi ndimatchaja kwa ometa tsitsi amene ali ndi sola, koma ndimayamba ndaona inivetala yawo. Ikakhala yaing'ono yolira mokwiya, kuli mafoni makumi awiri olumikizidwa kale, ndi bwino kutchajapo pawabanki kusiyana ndi kuika pachiswe tchaja ya laputopu, imene siipezeka pa Dedza ikapsa.

Ena amandifunsa kuti bwanji osangogwiritsa ntchito foni, poti foni masiku ano imachita zonse. Foni ndimaigwiritsa ntchito tsiku lililonse: WhatsApp, Airtel Money, Mpamba, kujambula tsamba lodwala n'kutumizira alangizi. Koma tebulo la mayina makumi atatu ndi miyezi 12 pa foni amaliona ndi munthu mmodzi yekha, amene wagwira foniyo, ndiye tabwereranso ku masamu a mseri aja. Sikirini ya laputopu, ngakhale yaing'ono, anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi amatha kuunjikana n'kuonera limodzi, kenako n'kupatsa mpata ena. Komanso kalata ya masamba atatu yopita ku khonsolo kapena kwa ogula mbewu siyolemba ndi chala chachikulu.

Foniyo ndi imene imapatsa kalaputopu intaneti. Apa pali msampha umene wadyera anthu ambiri bandulo: kompyuta ikaona hotspot, intaneti imene foni ikuigawira, imayesa ndi intaneti yopanda malire, n'kuyamba kukopera ma update mwakachetechete. Muiuze kuti intaneti imeneyi ndi yogula moyeza. Pa Windows pali potsegula polembedwa metered connection, ndipo pa Linux paliponso. Ine ndimagwira ntchito tsiku lonse osalumikiza, madzulo n'kutumiza zonse kamodzi pamalo pamene netiweki ikugwira bwino. Mukakhala pakati pa Dedza ndi Ntcheu, monga pa Lizulu pamene msewu womwewo ndiwo malire, foni imatha kudumphira pa netiweki ya ku Mozambique. Muzitseka data roaming, imene imalola foni kugwiritsa ntchito intaneti ya netiweki yakunja, musanayatse hotspot.

Zimene sikangathe n'zosabisika. Kukonza mavidiyo a ukwati kapena kujambula mapulani a nyumba si ntchito yake. Mukatsegula masamba ambiri a intaneti nthawi imodzi kamayamba kukokera. Padzuwa sikirini sioneka, mpaka mupeze mthunzi.

Amene akufuna kugula, nthawi yake ndi yofunika kusamala. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chochokera kunja chinakwera, ndipo ambiri aife chimene tingakwanitse ndi kaunjika. Vuto ndi lakuti Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna RAM yosachepera 4GB, malo osachepera 64GB, purosesa yatsopanoko ndi kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0. Timalaputopu tambiri takale sitikwanitsa zimenezi. Ka 32GB musakagule ngati mukufuna Windows, chifukwa Windows yokhayo imadya gawo lalikulu la malowo, ndipo pa timakina tambiri totere RAM ndi tchipi chosungira zinthu n'zomatiridwa, simungawonjezere. M'kanga ndinaika Linux Mint m'malo mwa Windows, ndi LibreOffice yolembera makalata ndi matebulo. Zonse n'zaulere, zimatsegula mafayilo a Word ndi Excel, ndipo mavairasi amene fulashi imatola kumalo opulintira, poti anapangidwira Windows, sayenda m'menemo. Chofunika n'kusandutsa kalata kukhala PDF musanapite kukapulinta, kuti mizere isasokonekere pa kompyuta ya eni shopu.

Chromebook imakopa poti imakhala yotsika mtengo ndipo batire yake imachedwa kutha, koma ina yochokera kusukulu imakhala ikadali yomangidwa ku sukulu yakeyo, ndiye mukafika nayo kunyumba imakana akaunti yanu. Wogulitsa aifufute kaye n'kuiyambitsanso, inu mulowetse akaunti yanu ya Google pomwepo ndalama zikadali m'thumba. Mufunsenso chaka chimene idzasiye kulandira ma update, popeza iliyonse ili ndi malire ake. Kaya ndi ya mtundu wanji, zulani tchaja, seweretsani vidiyo kwa theka la ola, muone mmene batire yatsikira. Dinani batani lililonse pa kiyibodi. Tsegulani ndi kutseka kangapo mumve mahinji. Wogulitsa amene akukufulumizitsani musiyeni, shopu si imodzi.

Sindikufuna wina achoke pano akuganiza kuti tikangogawa timalaputopu m'midzi ndiye kuti zatheka. Zimenezo zinayesedwa kale. Mu 2005 Nicholas Negroponte analengeza ntchito ya One Laptop per Child, ya laputopu ya madola 100 kwa mwana aliyense wa m'mayiko osauka, ndipo mayiko ngati Uruguay, Peru ndi Rwanda anagawa zambirimbiri. Kafukufuku wa Inter-American Development Bank ku Peru, wa mu 2012, anapeza kuti ana anaphunziradi kugwiritsa ntchito makinawo, koma makhozedwe awo pa masamu ndi chiyankhulo sanakwere. Sindidabwa nazo. Kanga kakuthandiza chifukwa kanapeza ntchito ili kale: amayi ankasonkhana kale sabata iliyonse, ankasunga kale mabuku, ankadziwa kale chimene akufuna kuwerengetsera. Chimene chimandiwawa n'kuona a zachitukuko akugulira magulu makompyuta akuluakulu okongola amene amakathera pa tebulo la ofesi atafunditsidwa nsalu, pamene ndalama yomweyo ikanagula timalaputopu titatu toyenda m'midzi, ndi pawabanki yake, ndi masiku angapo ophunzitsa mlembi.

Kunyumba kalaputopu sikapuma. Mwana wa mchemwali wanga analemberapo kalata yofunsira ntchito ndi CV yake. Amayi a Mvano amabwera kudzalembetsa lipoti la pachaka, ndipo kukagwa zovuta pamudzi mwambo wa maliro timautayipa pamenepo usiku, m'mawa wina n'kuthamangira kukapulinta. Ana ali ndi nthawi yawo Loweruka madzulo, batire ikakhala ilipo ndipo Lolemba kulibe msonkhano.

Chimene chakhala chikundisowetsa mtendere n'chakuti zonsezi zatsamira pa munthu mmodzi. Bokosi la ndalama lili ndi makiyi atatu, koma kompyuta ili ndi ine ndekha, ndipo kumeneko n'kuswanso lamulo lomwe lija mwa njira ina. Ndiye tayamba kukonza. Pa gulu lililonse tasankha wachinyamata mmodzi amene anafika Fomu 4, ambiri ndi atsikana, kuti ndiye azilowetsa manambala ine nditakhala pambali. Zala zimayamba ndi kusakasaka zilembo, koma pakatha misonkhano ingapo zimayenda. Pakutha pa msonkhano timakopera fayilo ya gulu pa fulashi, fulashiyo n'kulowa m'bokosi pamodzi ndi ndalama maloko asanatsekedwe. Gulu la alimi nalo lagwirizana kuti likagulitsa kachewere wa dzinja lino lipatule ndalama yogulira kalaputopu kakekake, kazisungidwa kwa amsungichuma, ndipo a komiti awiri adzapita nane ku Lilongwe kukayesa batire ndi mabatani tisanalipire.